Mpando wa Kutsogolo m'Galimoto ya Mackson

Kuseri kwa msika,
Milonde, Mulanje.
Pa 14 Okutobala 2025.

Okondedwa amake Wyson,

Lero Lachiwiri, nthawi yangokwana kumene 9 koloko mmawa, ndakhala pakhonde ndi kope la Mvano pamwendo. Alamu ako ndawasambitsa, ndawakhazika pampando wawo pansi pa mango, ndiye ndati ndiyambe dzuwa lisanakwiye. Pamwambapo ndalemba kuti amake Wyson chifukwa kalata imafuna ulemu, koma kuyambira pano ndiwe Esteri yemwe uja ndinkakubereka kumsana iwe n'kumandikodzera, ndipo ndizikuti iwe.

Usadabwe kuti sindinaimbe foni. Pafoni pakamwa panga pamathamanga, mtima n'kutsala m'mbuyo. Dzanja ili la Sitandade 4 limayenda ngati nkhono, ndiye mwina mtima ulipeza panjira. Zilembo zikamakwera ndi kutsika ngati njira ya kuphiri, ungowerenga choncho. Chifukwa chake uchimva kutsogoloku.

Kuno kwatentha moti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Mvula sinaonetse nkhope, koma mizere tapanga kale. Rosie, mwana wa malemu achimwene athu, ndi woyembekezera, ndipo akudya dothi la pachulu ngati amake. Nkhani zina ndilibe, kapena ndinene kuti ndili nayo imodzi yokha, ndipo ndi yaitali.

Sabata yatha unandiuza kuti Wyson wako akufuna kugula galimoto ija ya Mackson wanga, poti onse ali konko ku Lilongwe ndipo mwini wake watopa nayo. Kenaka unatsitsa mawu n'kundifunsa kuti, "Achemwali, inu munakweramo. Kodi galimoto imeneyi ilibe zinthu?" Ine ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula. Netiweki inali bwinobwino, Esteri. Ndiye lero ndikuyankha, ndipo ndiyamba ndi galimotoyo poti ndi imene mukufuna kumva.

Kukongola kokha usafunse. Ndi yakuda bii, yonyezimira moti tsiku limene inafika koyamba, pa Khirisimasi, tambala wa pamsika anamenyana ndi chithunzi chake pachitseko mpaka lipombo kutuluka magazi. Ndi yaitali, yotambalala, yogwada pansi ngati galu wofuna kuluma, ndipo kumaso kwake ili ngati munthu wokwiya amene sakukuuza chimene wamulakwira. Mackson anaigula kwa mzungu wina wa ku America amene ankabwerera kwawo. Akuti kumeneko galimoto zoterezi amazipangira mphamvu ndi liwiro basi. Ikalira suimva ndi makutu okha, umaimva m'chifuwa. Ananditsegulira kutsogolo kuti ndione injini. Ine ndinangoona zitsulo, koma iye ankayankhula monong'ona ngati tili m'tchalitchi. Alamu ako anaizungulira kawiri, manja kumbuyo, n'kufunsa funso limodzi: "Mbuzi imakhala pati?"

Zitseko ndi zinayi, ndipo anthu amapusitsidwa pamenepa. Kwathu kuno munthu akaona zitseko zinayi amayamba kuitana azakhali ndi ana awo. Kumbuyoko anthu awiri akhala bwino, wachitatu akhala ngati wabwera kudzapempha mchere. Denga lake limatsika chakumbuyo, moti alamu ako anachita kuvula chipewa n'kuchifukatira ngati khanda. Kubuti kumalowa thumba limodzi la makaka, chinangwa chouma chija, ndi mkoko wa nthochi, koma ukamaika, mwini wake amayang'ana kumbali ngati wamuponda chala chodwala.

Mipando ndi yachikopa, yofewa kuposa matiresi anga. Ikakhala padzuwa imawotcha ngati chiwaya, koma akatsegula mphepo yake ija, mkati mumasanduka Juni kunja dzuwa likuswa mtengo. Ili ndi kawailesi kakanema koonetsa zimene zili kumbuyo, ndipo ndinaonamo mwana wa mbuzi amene tikanamuponda. Ukapanda kumanga lamba imalira ti-ti-ti ngati mwana wofuna bere, ndipo sitonthola mpaka umange. Koma imalirira okhala kutsogolo okha. Akumbuyo ilibe nawo ntchito.

Zoipa zake nazi. Mimba yake ili pafupi ndi dothi. Pakhomo pano sinafikepo ndi tsiku limodzi lomwe. Msewu wathu uja wochokera pamsika, wa miyala ndi ngalande, inangoununkhiza n'kukana. Ankaisiya kutsogolo kwa golosale, ife n'kumayenda wapansi titatchena, fumbi mpaka m'mawondo, kupita kukakwera galimoto ya mwana wathu. Mahampu a pa Chitakale imawakwera chammbali ngati nkhanu, akabaza n'kumatipitirira akutiimbira belu. Kumwa mafuta ndiye ndi chidakwa chenicheni. Mayi wothira petulo pa Chitakale anafunsa Mackson kuti, "Achimwene, thankiyi ndi yobooka, kapena pansipa mwabisapo galimoto ina?" Masiku ano a mizere ya mafuta, Wyson aganize bwino, chifukwa adzagona pamzere Lolemba, Lachinayi n'kubwereranso. Matayala ake ndi otambalala koma opyapyala ngati lamba wa m'chiuno. Limodzi likaphulika, pa Chitakale salipeza, ku Limbe amati dikirani tiitanitse.

Koma chachikulu ndi ichi, ndipo uwerenge pang'onopang'ono. Chiwongolero chake chili kumanzere. Galimoto zathu zonse woyendetsa amakhala kumanja, pafupi ndi mzere wa pakati pa msewu, kuti akafuna kupitirira lole asuzumire yekha. Iyi ayi. Woyendetsa amakhala mbali ya kutchire, ndipo pamalo pa dalaivala pamakhala mlendo wopanda chiwongolero. Kutsogolo kukakhala chinthu chachikulu, woyendetsa saona kanthu. Wokhala pampando winawo ndiye maso ake. Akati pita, apita. Akati dikira, adikira. Mpando umenewo si wa ulemu, ndi wa ntchito. Ine ndinaukhalira ulemu.

Ndisanafike pamenepo ndivomere kaye china. Galimoto imeneyi inagulidwa ndi pakamwa panga. Ukuikumbukira pikapu yake yoyera ija, yomanga chitseko ndi waya? Inkafika mpaka pakhonde pano. Inanyamula malata a nyumba ino, inanyamula odwala, inanyamula mabokosi a maliro a theka la mudzi uno. Koma pamaliro a amalume ku Thuchila chaka chatha, ana a anzathu atabwera ndi zonyezimira, ine ndinanena azimayi onse akumva kuti, "Ena anabereka mabwana, ine ndinabereka kondakitala wa nkhuku." Anthu anaseka ngakhale panali pamaliro, ndipo ine ndinakondwa kuti aseka. Mackson anasekanso, koma ndi mano okha. Miyezi itatu isanathe, pikapu inali itagulitsidwa.

Tsiku lenilenilo linali Loweruka lachiwiri la Malichi, la ukwati wa Rosie ku Thuchila, uja unalephera kubwera chifukwa cha mwendo wako. Mackson anabwera ndi mkazi wake Brenda, ana awo Madalo ndi Tiyamike atawasiya chifukwa cha sukulu. Titafika pamsika, anthu anali atazungulira galimoto ngati pagwa munthu. Brenda anatsegula chitseko chakutsogolo kuti akhale.

"Apongozi," ndinatero ine, "mwaiwalako kanthu kumeneko?"

"Ayi amayi, ndimati ndikhale kuno kuti ndiziwaonera msewu abambo a Madalo."

"Ndiye ine ndinamuberekera kuti ndiziona nkhongo yake?"

Azimayi a tomato anaseka. Mackson anandiyandikira n'kunena chapansipansi, "Amayi, mpando uwu uli ndi ntchito. Wokhala apa ndiye amandiuza ngati kutsogolo kukubwera galimoto. Brenda anazolowera."

"Zaka makumi atatu ndathyola tiyi," ndinatero mokweza kuti a tomato amve, "masamba awiri ndi kansonga, kapitawo osandibwezerapo dengu. Lero ndilephere kuona chigalimoto chathunthu?"

Alamu ako anati, "Amake Mackson, tiyeni ife okalamba tikhale kumbuyo, tizicheza." Ndinawayankha kuti ngati akufuna macheza acheze ndi chipewa chawo. Brenda anapatuka, n'kundigwirira chitseko, n'kundikonzera chitenje kuti chisapanidwe.

Tsopano imva chimene sindinauzepo munthu. Diso langa lamanja linayamba kuchita ng'ala chaka cha namondwe wa Freddy. Pofika tsiku la ukwatilo linali ngati zenera lopakidwa ufa. Lamanzere limaona zapafupi: kope ili, singano, nyerere pamkeka. Zakutali ndi nkhungu yokhayokha. Anthu ndimawazindikira ndi mayendedwe ndi mawu, ndipo ndinaphunzira kuyamba ine kupereka moni wopanda dzina. Ndinabisa chifukwa ndine amene ndinawatcha amake Pilato, mnzanga wa ku Mvano uja, "maso anayi" tsiku limene anavala magalasi, dzina n'kumera mizu mpaka zidzukulu zawo zimadziwika nalo. Nanga ine ndikanayambira pati kunena kuti sindiona?

Sindinama, ulendo unayamba mokoma. Titalowa pa tala Mackson anangoponda pang'ono, msana wanga n'kumatirira kumpando, mitengo ya bulugamu n'kusanduka mpanda. Maenje ang'onoang'ono imawamva onse, imakuuza m'mano, koma pamalo osalala imayenda ngati madzi pamwala. Ndinatsitsa galasi kuti anthu andione. Kawiri anandifunsa kuti, "Amayi, kuli bwanji uko?" Kawiri ndinati pita, ndipo kawiri kunalidi kopanda kanthu. Mulungu anandipatsa mipata iwiri yonenera zoona, ine n'kumayesa kuti akundivomereza.

Tili pakati pa minda ya tiyi, tisanafike pa Chitakale, tinapeza thirakitala ikukoka ngolo ziwiri zodzaza masamba. Kunali kamvula kowaza, phiri litabisala, kumwamba kuli mbuu. Tinaitsatira kanthawi ndithu. Galimoto imeneyi sidziwa kuyenda pang'onopang'ono, imang'ung'udza, imanjenjemera ngati yamangidwa pachikhomo. Nthawi ya kutchalitchi inali itayandikira. Mackson sanadandaule. Ndinayamba ndine.

"Chigalimoto chonsechi tizikwawa kumbuyo kwa thirakitala? Bola pikapu ija."

Anaisendeza pang'ono kumanja. "Taonani bwino, amayi. Kukubwera kanthu?"

Ndinasuzumira. Ndinaona zoyera. Kumwamba koyera, msewu wonyowa woyera, zonse zoyera. Mawu oti sindikuona anafika pakhosi, Esteri, ndinawamva akugogoda. Koma kumbuyo kwanga kunali Brenda, amene ndinali nditamuchotsa pampando anthu akuona.

"Pita."

"Mwaonetsetsa?"

"Ndati pita. Wayamba kugontha?"

M'zoyerazo munali minibasi yoyera.

Mphamvu ija Wyson akuikhumbirayo ndinaiona pamenepo. Galimoto ina ikanayamba yaganiza kaye, Mackson n'kuona, n'kubwerera kumbuyo kwa ngolo. Iyi siganiza. Anangoponda, tinali kale pambali pa ngolo. Kumanzere chitsulo, kutsogolo minibasi ikuliza hutala, yodzaza anthu mpaka pakhomo. Mwana wanga anasankha kumanja, kunja kwa msewu. Tinagunda mutu wa kalavati, tinadumpha ngalande, n'kukaima m'tiyi.

Mapilo oyera anaphulika kutsogolo kwathu, fumbi lake ngati lakuchigayo. Ine wa lamba ndinatuluka wopanda ndi kabala komwe, duku lokha ndi limene linagwa. Mackson anatupa dzanja. Brenda anang'ambika pachipumi. Alamu ako, amene galimoto sinawalirire lamba, anaponyedwa pakati pa mipando, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Sanakuwe. Ankangoti, "Muluku, Muluku," Chilomwe chimene anasiya kalekale chitabwerera chokha. M'minibasi muja simunavulale munthu ngakhale mmodzi, koma zimenezo palibe amene amazikamba.

Othyola tiyi anataya madengu n'kuthamangira. Ambiri ndi ana a anzanga amene ndinagwira nawo ntchito, ondidziwa dzina. Dalaivala wa minibasi anabwera akutukwana, "Ana a m'tauni inu mukufuna kutithera anthu?" Mayi wina anandigwira mkono n'kufunsa, "Agogo, chachitika n'chiyani?" Nkhope zonse zinatembenukira kwa ine. Ndipo pakamwa paja panatseguka pokha.

"Ndakhala ndikumuuza kuti achepetse liwiro. Samva mwana ameneyu."

Mackson anali atagwada m'matope, mutu wa bambo ake uli pamwendo pake. Anadzutsa nkhope n'kundiyang'ana. Zapafupi ndimaona bwino, Esteri. Ndikanakonda tsiku limenelo lamanzere nalo likanakhala ndi ng'ala.

Ndinaima kaye apa. Ndawapatsa alamu ako phala ndi mankhwala, ndawatembenuzira mpando kutsata mthunzi. Tsopano ndi masana, ndipo zotsalazi ndi zimene zikundilemera kuposa ngoziyo.

Kupolisi Mackson anati kulakwa n'kwake. Kuchipatala anakhala pambali pa bambo ake masabata atatu, akuwatembenuza, akuwasambitsa, akuwatayira zonse, shopu yake ya zitsulo ili chitsekere ku Lilongwe. Ine ankandipatsa moni tsiku lililonse, "Mwadzuka bwanji amayi," koma moni wa munthu amene mwakhala naye mpando umodzi m'basi. Madokotala anayesetsa. Fupa linalumikizana mokhota, poti ndi lakale. Bambo amene ankapalasa njinga mpaka ku Muloza kukagula nsomba, lero kuchokera pabedi kufika pansi pa mango ndi ulendo wokonzekera.

Kenaka mudzi unayamba ntchito yake. Poyamba ankati liwiro, monga ndinawaphunzitsira ine. Pofika Epulo ankati mowa, munthu woti ngakhale thobwa lowawasa amalikana. Pofika nthawi yozizira nkhani inali itakula mano. Akuti galimoto yakuda yotere sigulidwa ndi misomali ndi mahinjesi. Akuti anawoloka malire kupita kwa sing'anga, anauzidwa kuti apereke bambo ake kuti akhwime. Akuti n'chifukwa chake chiwongolero chili mbali yolakwika, n'chifukwa chake iye anatuluka wamoyo ndi kadzanja kotupa basi. Ankazikamba pachitsime ine ndili pomwepo. Ine amene ndimatha kuthetsa msonkhano ndi liwu limodzi, ndinkangoti, "Zimenezo adziwa ndi Mulungu," n'kusenza ndowa.

Mu Juni Mackson anabwera pa minibasi kudzaona bambo ake, galimoto ili kokonzedwa, ikudikira zitsulo zochokera kunja. Pamsika azimayi anakokera ana awo kuseri kwa mabenchi. Wina analavula malovu pamene iye anaponda. Lamulungu kutchalitchi, benchi imene anakhala inatsala yake yekha, ine ndili mbali ya azimayi, bulauzi yoyera ya Mvano ili pathupi, ndikuimba mokweza kuposa onse. Lolemba mmawa asananyamuke anaima pakhomo la khitchini, chikwama chili paphewa.

"Amayi, ndikupita. Pali chimene mukufuna kundiuza?"

Anadikira ndithu. Ndinamva mpweya wake. Ine ndinayang'ana pamoto n'kunena kuti, "Shuga watha."

"Chabwino amayi, nditumiza."

Anatumizadi, pamodzi ndi mpando wa matayala wa bambo ake. Koma iye sanapondenso kuno. Amaimbira bambo ake Loweruka lililonse, amacheza za mpira ndi za mvula, koma iwo akangoti, "Amako awa, uwapatse moni," amati kwabwera kasitomala.

Ndiye tsiku lija unandifunsa za zinthu, ndinadziwa kuti bodza langa lakwera basi, lafika ku Lilongwe, lalowa mpaka m'nyumba ya mng'ono wanga. Nditadula foni, alamu ako anali pampando wawo akusenda chinanazi. Anafunsa kuti Esteri akuti chiyani. Ndinati za galimoto.

"Mwamuuza?"

"Ndimuuze chiyani?"

Anapitiriza kusenda, osandiyang'ana. "Amake Mackson, chinathyoka ndi chiuno. Makutu ali bwino. Ndinamva."

Ndinaika foni pamkeka, iwo n'kupitiriza.

"Brenda naye anamva. Ndipo za disolo ndinadziwa kale, chaka chija munayamba kuthira tiyi pambali pa kapu n'kumakalipira kapu. Ndinkati mudzanena nokha. Pamsika paja ndinayesa kukuitanirani kumbuyo, inu munandipatsa chipewa. Ndikanalimbikira. Pamenepo ndiye panga, ndipo ndikupasenza."

"Nanga miyezi yonseyi osanena bwanji?"

"Ndikananena ine akanati mdala wadyetsedwa mankhwala. Komanso Mackson anandiletsa, anamuletsanso mkazi wake. Anati, mayi anga asanyozeke pamudzi atakalamba, ine ndili nako kothawira, iwo alibe." Anandipatsa chidutswa cha chinanazi pansonga ya mpeni. "Koma ine ndatopa kumva mwana wanga pafoni ngati wailesi. Ku Lilongwe sindingafike ndi chiuno ichi, ndipo zaka sizikubwerera m'mbuyo. Munatseka njira ndinu. Mutsegule ndinu."

Zaka 46 m'banja, bambo amenewa sanandilamulepo kanthu. Chinanazi chija ndinachilandira.

Dzana, Lamulungu, ndinaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza. Mlembi anayesa kundikhazika pansi, ndinamuuza kuti ndinamuona ali khanda lamaliseche, andisiye. Ndinanena zonse monga ndakulemberamu, za pikapu, za mpando, za pita, za mawu aja m'munda wa tiyi. Ndinaona kuti ena sakukhulupirira za diso, ndiye ndinapempha amake Pilato kuti akaime pakhomo la tchalitchi atukule zala. Anapita. Ndinafunsa ngati atukula. Mpingo unati atukula kalekale. Ine sindinaone zala, sindinaone dzanja, ndinangoona kuwala kwa pakhomo ndi chithunzithunzi pakati pake. Palibe anaseka. Kanali koyamba m'moyo wanga kuyankhula pagulu anthu osaseka.

Potuluka ena anandigwira chanza. Ena ndinawamva kumbuyo akuti, "Wawagwiranso amake ndi mankhwala ake aja." Bodza ndinalinena kamodzi kokha, nditaimirira m'matope, koma zoona zikuoneka kuti ndizinena mpaka kumanda. Amake Pilato ndi amene anakandilembetsa dzulo kuchipatala kuti mwezi wamawa akandichite opareshoni ya maso, ndipo akuti andiperekeza okha. Sanandibwezere ngakhale liwu limodzi. Bola akananditukwana.

Tsono yankho la Wyson ndi ili. Galimotoyo ilibe zinthu. Ilibe magazi, ilibe chizimba. Inakonzedwa, ndipo Mackson sangamubisire mbale wake pamene panawotcheredwa, amupemphe amuonetse kunsi kwake. Ngati moyo wake ndi wa pa tala, ngati angathe kuimwetsa, ngati sakuganiza zodzanyamulira makaka kuno, agule. Ndi yokoma ndithu, sindingainamizirenso nayo. Ndikudziwa kuti zoipa ndalembazi zingamubweze Wyson, Mackson n'kutsala ndi galimoto imene sakufunanso kuiona, koma chaka chino ndanama mokwanira. Ngati akuifuna kuti anthu pamaliro azitembenuka, kapena pali wina amene amaseka kagalimoto ali nakoko, uyambe wadzifunsa ngati wosekayo si iwe. Tinayamwa bere limodzi, pakamwa timafanana. Ndipo akagula, pampando uja azikhazikapo munthu wotha kunena kuti sindikuona. Kaya ndi iwe, kaya ndi abusa, kaya ndi ndani wa imvi, ngati mawu amenewo amamutsamwa, apite kumbuyo, ndipo akamange lamba ngakhale galimoto isamulirire.

Moni kwa alamu anga, uwauze asiye fodya. Moni kwa Wyson ndi mkazi wake. Zidzukulu zanga Madalo ndi Tiyamike uwauze kuti mango a pakhomo abereka kwambiri chaka chino, ndipo agogo awo aamuna aletsa aliyense kugwedeza nthambi ya kumunsi ija, akuti ili ndi eni ake. Brenda umupatse moni wapadera. Chipsera chili pachipumi pakecho ndi changa. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikumutcha waulesi wa m'tauni, iye wasenza manyazi anga miyezi isanu ndi iwiri osatayako ndi dontho lomwe. Umuuze choncho, usakometse, usachotsepo.

Kwa Mackson sindikudziwa moni wake. Ndayesa katatu, uona pamene ndafufutapo mpaka pepala kubooka. Mawu onse amene ndili nawo ndi akuthwa, ofewa sindinawaphunzire. Ndalakwa, mwana wanga. Amenewo okha ndi amene atsala osafufutidwa.

Ndine mkulu wako,
Stella, amake Mackson.

Esteri, kalatayi usaisunge. Wyson akawerenga, uitenge wekha ndi mwendo wakowo, ukaipereke kwa Mackson m'manja kushopu kwake. Usawonjezere mawu ako, usadikire yankho. Ungomuuza kuti ngati chomuletsa kubwera ndine, tsiku limene adzafike ndikhoza kukaswera kumunda, aonane ndi bambo ake momasuka. Iye akamaliza, ipitirire kwa aliyense amene anamvapo zoipa za mwana wanga, kuyambira amene anakuuza iweyo. Ide ndi manja, ing'ambike mopindamo, koma iyende mpaka kumene bodza lija linafika.